Chotupa cha m'mapapo chimene chinabisala kumbuyo kwa mphumu ndi chibayo

Pali mtundu wina wa chotupa cha m'mapapo umene anthu ambiri sanaumvepo, ndipo ngakhale ogwira ntchito m'zipatala ena amatha zaka zambiri osakumana nawo. Madokotala amachitchula kuti carcinoid, ndipo chili m'gulu la zotupa zotchedwa neuroendocrine, zimene zimayambira m'maselo otulutsa mahomoni. Pa anthu 100 alionse amene apezeka ndi khansa yoyambira m'mapapo, amene amakhala ndi mtundu umenewu ndi 1 kapena 2 okha. Chotupachi chimakula pang'onopang'ono kwambiri, moti munthu angakhale nacho kwa zaka akugwira ntchito zake zonse, ndipo kuchedwa kwakeko n'kumene kumasokoneza anthu: matendawa asanadziwike kumachititsa kuti aziganiziridwa kuti ndi matenda ena, ndipo akadziwika kumachititsa kuti wodwala ndi abale ake aziwaona mopepuka kuposa mmene ayenera kuonedwera. Ine ndinadutsa m'zonse ziwirizi, ndipo ndikulemba kuti munthu amene ali pa njira yomweyi adziwe mafunso oyenera kufunsa komanso nthawi yoyenera kuwafunsa.

Zanga zinayamba ndili ndi zaka za m'ma 40, munthu woti sindinasutepo fodya chibadwire. Poyamba chinali chifuwa chouma chimene sichinkamva mankhwala, kenako ndinayamba kumva kulira m'chifuwa ndikamapuma, makamaka usiku ndikagonera kumanja. Kuchipatala anati ndi mphumu n'kundipatsa mankhwala opopera m'kamwa, amene ndinawagwiritsa ntchito mosadumphitsa koma osaona kusintha kwenikweni. Patapita miyezi ndinadwala chibayo, ndipo maantibayotiki anandichiritsa bwinobwino moti ndinabwerera kuntchito, koma chibayocho chinabweranso, n'kutha, n'kubweranso. Tsiku lina ndinaona timizere ta magazi m'makhololo, ndipo apa aliyense, ngakhale ine ndemwe, anaganiza za chifuwa chachikulu cha TB. Makhololo anayezedwa mobwerezabwereza koma tizilombo ta TB sitinapezeke, ndipo panali maganizo oti ndingoyamba kumwa mankhwala ake a miyezi 6 poti zizindikiro zonse zinkaoneka ngati zikuloza kumeneko.

Sindiimba mlandu anthu amene anandiona nthawi imeneyo, chifukwa mphumu, chibayo ndi TB ndi matenda amene amawaona tsiku ndi tsiku, ndipo n'zomveka kuyamba kuganizira zimene zimachitika kawirikawiri. Komabe panali zinthu zimene sizinkagwirizana ndi matenda amenewa, ndipo n'zimene ndikufuna kuti owerenga azigwire. Mphumu imachepetsa njira za mpweya m'mapapo onse awiri, choncho kulira kwake kumamveka mbali zonse, pamene kwa ine kunkamveka malo amodzi okha, kumunsi kwa mbali ya kumanja. Chibayo chikhoza kugwira munthu kangapo, koma chikamabwerera pamalo amodzimodzi a phapo limodzimodzi, pamakhala chifukwa chake pamalopo. Ndipo mphumu yoyamba munthu atakula kale, yosamva mankhwala ake, yobwera limodzi ndi magazi m'makhololo, iyenera kukayikiridwa.

Amene anaona zimenezi anali adokotala ena a matenda a m'chifuwa amene anapempha kuti ndibwere ndi zithunzi zonse za X-ray zimene ndinajambulidwapo. Anaziyala pamodzi motsatira masiku ake, n'kuloza ndi cholembera kachigamba koyera kamene kanali pamalo amodzi pa chithunzi chilichonse, pena kakakulu, pena kochepa, koma kosasuntha. "Mayi, chibayo chanuchi sichisamuka ayi," anatero, "ndiye tiyenera kuona chimene chikutseka njira ya mpweya yolowera pamenepa." Anandifotokozera kuti kholingo limagawika pawiri, njira ina kupita kumanja ina kumanzere, ndipo njirazo zimagawikanso kulowa m'zigawo za mapapo, zimene kumanja zilipo zitatu ndipo kumanzere ziwiri. Zotupa zambiri za carcinoid zimamera m'kati mwa njira zikuluzikulu zimenezi, ndipo chotupa chikakula chimatseka njirayo pang'ono ndi pang'ono. Mpweya ukamadutsa pampata wopapatizawo umalira, ndipo makhololo a kuseri kwake amalephera kutuluka, amaima ngati madzi m'ngalande yotsekeka, tizilombo n'kumaswana mmenemo. Maantibayotiki amapha tizilomboto, koma chotsekacho chimakhala chilipobe. Aliyense amene akudwala chifuwa chosatha azisunga zithunzi ndi zotsatira zake zonse, chifukwa chithunzi chimodzi pachokha sichikanaonetsa zimene zinaoneka atazisonkhanitsa.

Sikani ya CT, imene amayamba abaya mankhwala m'mtsempha kuti zinthu zioneke bwino, inaonetsa chotupa chozungulira pakhomo pa chigawo cha m'munsi cha phapo la kumanja. Chotsatira chinali bronchoscopy, kumene amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno kapena m'kamwa mpaka m'njira za mpweya. Anandipopera mankhwala owawa ochititsa dzanzi kummero ndiponso anandibaya ena oti thupi likhale m'malo, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mmene chifuwa chinkafunira kutsokomola kapaipiko katadutsa pakholingo, anamwino atandigwira phewa n'kumandiuza kuti ndizipuma pang'onopang'ono. Pambuyo pake anandionetsa chithunzi: kanthu kofiira, kosalala, konyezimira, katatseka pafupifupi njira yonse. Kufiirako kumachokera ku timitsempha ta magazi tambirimbiri timene zotupazi zimakhala nato, n'chifukwa chake zimatulutsa magazi m'makhololo, komanso n'chifukwa chake dokotala potenga kachidutswa kokayeza amakhala atakonzekeratu zoletsa magazi.

Nkhani ya kachidutswa kameneka ndi yofunika kuimvetsa bwino. Maselo a carcinoid ndi a m'banja limodzi ndi maselo a khansa ina yoopsa kwambiri ya m'mapapo yotchedwa small cell, imene imathamanga ndipo imapezeka makamaka mwa osuta fodya. Kachidutswa kakakhala kakang'ono, komanso kakatswanyika potengedwa, mitundu iwiriyi ikhoza kufanana pa maikulosikopu, pamene chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Ku labotale amapaka mankhwala apadera oonetsa zinthu monga chromogranin ndi synaptophysin, zimene zimatsimikizira kuti chotupa ndi cha gulu la neuroendocrine, ndipo amayezanso chotchedwa Ki-67, chimene chimaonetsa kuchuluka kwa maselo amene ali pa ntchito yogawikana. Pa carcinoid chiwerengerochi chimakhala chotsika, pamene pa small cell chimakhala chokwera kwambiri. Munthu wosasuta, wa zaka zochepa, akauzidwa kuti ali ndi small cell kuchokera pa kachidutswa kakang'ono, ali ndi chifukwa chomveka choti apemphe kuti katswiri wina aonenso asanayambe chithandizo.

Funso limene linandisowetsa tulo linali lakuti chotupachi chinachokera kuti. M'kati mwa njira za mpweya muli maselo ochepa omwazikana amene ntchito yawo ndi kuzindikira mmene mpweya ulili n'kutulutsa timahomoni, ndipo carcinoid imayamba pamene ena mwa maselo amenewa ayamba kuchulukana mosalamulirika. Mtundu wofala kwambiri wa chotupachi sugwirizana kwenikweni ndi kusuta, ndipo nthawi zambiri umapezeka mwa anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50, zaka zocheperapo kusiyana ndi za odwala khansa zina za m'mapapo, ndiponso umapezeka ngakhale mwa achinyamata. Matendawa si opatsirana. Mwa anthu ochepa kwambiri amabwera chifukwa cha vuto lotengera kumtundu lotchedwa MEN1, limene limayambitsanso zotupa m'tiziwalo tina totulutsa mahomoni, n'chifukwa chake adokotala anandifunsa ngati m'banja mwathu munali odwala zotupa zoterozo kapena ovutika ndi miyala ya mu impso mobwerezabwereza.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limagawa carcinoid ya m'mapapo m'mitundu iwiri, typical ndi atypical, ndipo kusiyana kwake kumadalira zimene zaoneka pa maikulosikopu. Katswiri amawerenga maselo amene akugawikana pamalo okula masikweya milimita 2: akapezeka osakwana 2, ndipo palibe timadera ta maselo akufa, chotupacho ndi typical, koma akapezeka kuyambira 2 kufika 10, kapena pakakhala timadera ta maselo akufa, ndi atypical. Pafupifupi 9 pa zotupa 10 zilizonse zimakhala typical. Pa mtundu umenewu chotupa chimakhala chitafika m'timwanabere ta m'chifuwa mwa wodwala pafupifupi 1 pa 10, pamene pa atypical zimenezi zimapezeka mwa odwala ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Kuwerengaku kumafuna chotupa chonse, osati kachidutswa, choncho yankho lomaliza la mtundu wake limabwera opaleshoni itachitika kale. Ndinaona kuti n'zovuta kulowa m'chipinda cha opaleshoni usakudziwa bwinobwino chimene uli nacho, koma umo ndi mmene matendawa alili.

Pa nthawi imeneyi ndinamva kangapo mawu akuti ndachita mwayi chifukwa ndili ndi khansa yabwino, ndipo ena ankafika ponena kuti si khansa n'komwe. Maganizo amenewa ndi akale. Dokotala wa ku Germany, Siegfried Oberndorfer, atafotokoza zotupa zoterezi mu 1907 pambuyo poziona m'matumbo, ankakhulupirira kuti sizifalikira, ndipo patapita zaka iye mwini anadzazindikira kuti zina zimafalikira ndithu. Masiku ano zotupa zonse za carcinoid zimawerengedwa m'gulu la khansa. N'zoona kuti pa odwala typical amene chotupa chawo chachotsedwa chisanafalikire, oposa 9 pa 10 amakhala ali moyo patatha zaka 5, ndipo ambiri amachiriratu. Koma mawu akuti khansa yabwino ndimawakana, chifukwa amatseka pakamwa munthu amene akukadulidwa gawo la phapo kuti asanene mantha ake, komanso amamupatsa chifukwa chosiyira kupita kukaonedwa akangoyamba kupeza bwino. Ndichenjezenso za intaneti: ziwerengero zambiri zimene munthu amapeza akalemba mawu akuti khansa ya m'mapapo n'zokhudza mitundu ina yothamanga, ndipo zambiri zolembedwa za carcinoid n'zokhudza ya m'matumbo, choncho zonse ziwiri zikhoza kukuopsezani ndi zinthu zosakukhudzani.

Chitsanzo ndi vuto lotchedwa carcinoid syndrome, pamene chotupa chimatulutsa serotonin ndi zinthu zina m'magazi, munthu n'kumamva kutentha ndi kufiira kumaso mwadzidzidzi, kutsegula m'mimba ndi kubanika. Pa zotupa za m'mapapo vutoli silichitika kawirikawiri, ndipo limaoneka makamaka chotupa chikakhala chachikulu kapena chikafika kuchiwindi. Zotupa zina zochepa zimatulutsa homoni ya ACTH, imene imachititsa nkhope kufufuma, thupi kunenepa pamimba, minofu kufooka, shuga ndi BP kukwera. Ine ndinalibe chilichonse mwa zimenezi, koma dokotala ayenera kuuzidwa ngati zilipo, chifukwa ogonetsa odwala amafunika kukonzekera mwapadera opaleshoni isanayambe.

Asanandichite opaleshoni anandiyeza mphamvu ya mapapo pondiuzitsa mpweya m'makina, kuti aone ngati otsalawo angandikwanire, ndipo anajambula chiwindi poti n'kumene zotupazi zimakonda kufalikira, pamodzi ndi mafupa. Sikani ya PET yodziwika kwambiri, imene imagwiritsa ntchito shuga, nthawi zambiri sionetsa bwino carcinoid ya typical chifukwa maselo ake sadya shuga wambiri, choncho kusaoneka kwa chotupa pa sikani imeneyo si umboni wakuti chilibe vuto. Pali PET ina yogwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi gallium-68, amene amamatirira pa tizigawo tolandirira homoni ya somatostatin timene maselo ambiri a carcinoid ali nato, ndipo sikani imeneyi ndiyo imaonetsa bwino ngati chotupa chafalikira. Sipezeka m'chipatala chilichonse, koma ndi bwino kufunsa ngati ikufunika pa vuto lanu.

Chithandizo chenicheni cha carcinoid imene sinafalikire ndi opaleshoni. Ndinafunsa chifukwa chake sakanangochiwotcha ndi laser kudzera m'kapaipi kaja, poti njira imeneyo ilipo, ndipo anandiyankha kuti imayenera zotupa zing'onozing'ono zimene zili m'kati mwa njira ya mpweya mokha, kapena odwala amene sangapirire opaleshoni, pamene changa chinali chitalowerera m'khoma la njirayo mpaka kunja kwake. Kuwotcha kukanachotsa chooneka n'kusiya chobisika. Madokotala amayesetsa kupulumutsa phapo mmene angathere, ndipo chotupa chikakhala pa njira yaikulu amatha kudula kachigawo ka njirayo n'kulumikiza mbali zotsalazo m'malo mochotsa phapo lonse, opaleshoni imene amaitcha sleeve resection. Aliyense amene wauzidwa kuti achotsedwa phapo lonse chifukwa cha carcinoid afunse ngati njira imeneyi ndi yotheka. Kwa ine anachotsa chigawo chonse cha m'munsi, chimene chinali chitawonongeka kale ndi chibayo chobwerezabwereza chija, ndipo anachotsanso timwanabere tozungulira kuti tikayezedwe. Mbali imeneyi ya timwanabere siyenera kudumphidwa ngakhale chotupa chioneke chofatsa chotani.

Nditatsitsimuka ndinapeza paipi itatuluka pakati pa nthiti kupita m'chibotolo cha madzi pansi pa bedi, ndipo ndikatsokomola madziwo ankachita thovu, kusonyeza kuti mpweya unkatulukabe pamalo odulidwa. Anamwino ankayang'ana thovulo m'mawa uliwonse, ndipo litasiya paipiyo inachotsedwa. Chovuta kwambiri chinali chakuti chinthu chopweteka zedi, kutsokomola, n'chimene ankafuna kuti ndizichita. A mafizo anandiphunzitsa kukumbatira pilo mwamphamvu pabala ndisanatsokomole, kukoka mpweya mpaka pansi n'kuusunga kamphindi, ndiponso kudzuka n'kumayenda mwamsanga ngakhale paipi ilipobe. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kukana mankhwala opha ululu pofuna kuoneka wolimba mtima n'kudzipweteka, chifukwa munthu amene akumva ululu amapuma mosafikitsa, makhololo amaunjikana, ndipo chibayo chimapeza mpata. Mapapo otsala amafutukuka n'kudzaza malo ambiri osiyidwa, ndipo patapita miyezi ndinkakwera masitepe popanda befu lalikulu. Dzanzi ndi kuyabwa kotentha m'munsi mwa bere, kochokera ku mitsempha yodutsa pansi pa nthiti, kunatenga nthawi yaitali kuposa bala lenilenilo, ndipo ndikanakonda akanandiuziratu zimenezo.

Lipoti la ku labotale linati chotupa chinali typical, m'mphepete monse modulidwa munali moyera, ndipo timwanabere tinalibe kanthu. Adokotala atanena kuti sipafunika mankhwala opha maselo a khansa otchedwa chemotherapy kapena kuwotcha ndi cheza, abale anga ena anada nkhawa poganiza kuti mwina andinyalanyaza, ndipo amayi anga aang'ono anachita kundifunsa kuti, "Mwanawe, khansa yake iti yongodula basi?" Chifukwa chake n'chakuti mankhwala a chemotherapy amagwira bwino ntchito pa maselo ogawikana mofulumira, pamene maselo a carcinoid amagawikana mwa apo ndi apo, choncho kwa munthu amene chotupa chake cha typical chachotsedwa chonse, mankhwalawo angabweretse mavuto popanda phindu looneka.

Amene chotupa chawo chafalikira kapena sichingachotsedwe alinso ndi chithandizo, ndipo ambiri amakhala zaka zambiri matendawa akulamulirika. Pali jakisoni wa octreotide kapena lanreotide, amene amabayidwa milungu 4 iliyonse, ndipo amachepetsa zizindikiro za mahomoni komanso amagwiritsidwa ntchito pochedwetsa kukula kwa chotupa. Pali mapiritsi a everolimus, amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linawavomereza mu 2016 pa zotupa za neuroendocrine za m'mapapo zimene zikupitirira kukula, ngakhale amakonda kuyambitsa zilonda za m'kamwa ndi kukweza shuga. Palinso chithandizo cha lutetium-177, chimene chimanyamula cheza kupita ku maselo okhala ndi tizigawo ta somatostatin tija, komanso mankhwala a temozolomide pa zotupa zothamangirako. Kusankha pakati pa zimenezi kumafuna gulu la madokotala odziwa zotupa za neuroendocrine, osati dokotala mmodzi.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri carcinoid ndi khansa zambiri ndi kutalika kwa nthawi yoyang'aniridwa. Anthu anazolowera kumva kuti zaka 5 zikadutsa ndiye kuti zatha, koma chotupa chimene chinatenga zaka kuti chikule chimatenganso zaka kuti chionekenso, ndipo pali odwala amene chinawabwerera patatha zaka 10 kapena kuposerapo, kawirikawiri kuchiwindi osati m'chifuwa. N'chifukwa chake sikani zanga zimajambula chifuwa pamodzi ndi chiwindi, ndipo ngakhale mpata wa pakati pa sikani ina ndi ina wakhala ukutalikitsidwa pofuna kuchepetsa cheza chimene thupi likulandira, palibe amene wanenapo zoleka. Odwala atypical, komanso amene timwanabere tawo tinapezeka ndi chotupa, amaonedwa pafupipafupi kuposa ine. Pa zaka zochuluka chonchi madokotala amasintha, mafayilo amasowa, ndipo wodwalayo ndi amene amatsala ndi mbiri yonse. Ine ndimasunga lipoti la ku labotale lija, lipoti la opaleshoni ndi zotsatira za sikani iliyonse, ndipo ndikakumana ndi dokotala watsopano, ngakhale ndapita chifukwa cha chimfine chimene chatsikira m'chifuwa, ndimatchula dzina la chotupacho, mtundu wake, chigawo chimene chinachotsedwa ndi chaka chake. Anandiuza kuti ndisadikire tsiku la sikani ngati ndaonanso magazi m'makhololo, ngati kulira kwa mbali imodzi kwabwerera, ngati ndikuonda popanda chifukwa, ngati ndikumva kupweteka kosatha m'mafupa kapena m'munsi mwa nthiti za kumanja, kapena ngati nkhope ikutentha mwadzidzidzi pamodzi ndi kutsegula m'mimba.